Phunziro la Kadyedwe: Masamba Achuluke M'mbale za Mabanja a kwa Malemia

Pa chakudya chamasana m'makomo ambiri a m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, mbale ya nsima imadzaza ndi mitanda pamene ndiwo zimabwera m'kambale kakang'ono kamene anthu asanu kapena kuposerapo amapisamo onse. Ntchito ya masamba a m'kambaleko imangokhala yoperekeza mbamu kukhosi. Banja limadzuka pamphasa litakhuta ndithu, koma kukhuta ndi kudya mokwanira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kafukufuku wa zaumoyo amene boma linachita m'dziko lonse m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 59, ana 63 anali ochepa magazi, ndipo mayi mmodzi mwa amayi atatu aliwonse a msinkhu wobereka anali ndi vuto lomweli. Mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndi amene ankalandira chakudya chokwanira m'kuchuluka ndi m'kasinthasintha wake. Malungo, njoka za m'mimba ndi matenda otsegula m'mimba zili ndi mbali yake pa mavutowa, koma gawo lalikulu lili pa chimene chimalowa mu mphika tsiku ndi tsiku.

Phunziro lino likukamba za gulu limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, omwe ndi zakudya zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, zamafuta, zipatso ndi ndiwo zamasamba. Mwa magulu onsewa, la masamba ndi limene banja losauka lingalipeze popanda kutulutsa ndalama zambiri. Masambawo alipo kale m'minda, m'madimba ndi m'mipanda ya nyumba. Chimene chimaperewera kawirikawiri ndi muyeso wake m'mbale ndi kaphikidwe kosunga mphamvu yake.

Ntchito ya masamba m'thupi

Masamba obiriwira kwambiri, monga bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, kholowa ndi sangowa, ali ndi zinthu zimene thupi limazisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, kotero mwana amene amamupeza mokwanira amalimbana bwino ndi chikuku komanso matenda otsegula m'mimba. Munthu akayamba kuvutika kuona dzuwa likangolowa, chimodzi mwa zifukwa zake chimakhala kuchepa kwa vitamini A.

Masamba omwewa ali ndi ayironi ndi foleti, zimene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi. Foleti ndi wofunika kwambiri kwa mayi m'masabata oyambirira a pakati, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika. Mulinso vitamini C, amene amathandiza mabala kupola ndiponso amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Timitsitsi ta m'masamba timayendetsa bwino m'mimba kuti munthu asadzimbidwe. Kwa akuluakulu, kudya masamba ndi zipatso zambiri kumachepetsa chiopsezo cha matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi, amene masiku ano sakusankhanso za m'tauni kapena kumudzi.

Muyeso wake ndi wotani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Popeza pakhomo palibe sikelo ya ndiwo, muyesowu ungayerekezedwe ndi dzanja: masamba ophika kapena zipatso zodzaza chikhatho chimodzi ndi gawo limodzi, ndipo munthu amafunika magawo asanu pa tsiku. Mwana amayesedwa ndi dzanja lake lomwe. Mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa pa magawo asanuwa chifukwa zili m'gulu la zokhutitsa.

Wophika aliyense amadziwa kuti masamba amafota. Lichero lodzaza ndi bonongwe limatsala kapoto kochepa likapsa. Choncho mulu umodzi wa mpiru wogula pa msika wa pa Boma sungakwanire banja la anthu asanu ndi mmodzi. Njira yosavuta ndi yakuti pa chakudya chamasana ndi chamadzulo, munthu aliyense alandire masamba ophika odzaza chipande chimodzi kapena ziwiri, ndipo magawo otsalawo akwaniritsidwe ndi mango, mapapaya, masawu, malambe kapena bwemba malinga ndi nyengo.

Zimene dera lino lili nazo kale

Anthu ena amatcha bonongwe, chisoso, luni ndi denje ndiwo za umphawi, ndipo akapeza kangachepe amathamangira kabichi. Koma kabichi woyera uja ali ndi vitamini A wochepa kwambiri poyerekeza ndi masamba obiriwira amene amadzimerera okha m'munda wa mapira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti tsamba likabiriwira kwambiri, mphamvu yakenso imachuluka.

M'dzinja, kuyambira mvula ikagwa mpaka mwezi wa Malichi, m'minda mumapezeka nkhwani, chitambe, khwanya, therere, bonongwe ndi chisoso. Madzi akaphwa m'mbali mwa Shire ndi ku madambo a Ndindi, madimba amapereka mpiru, repu, chayinizi, tomato, anyezi ndi kholowa m'miyezi yozizira. Nthawi yovuta ndi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la chigwa chino limawotcha nthaka ndipo ndiwo zimakwera mtengo. Nthawi inanso yovuta ndi pamene madzi asefukira n'kukokolola minda, monga zinachitikira ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023.

Pa nyengo zovutazi, mtengo wa sangowa, umene kumtunda amautcha cham'mwamba, ndi nkhokwe ya ndiwo. Umapirira kutentha ndi chilala, umamera ngakhale pongozika nthambi, ndipo m'midzi yambiri ya m'chigwa chino uli kale m'mipanda ya nyumba ndi ya mabafa. Ukamadulidwa nsonga umaphuka nthambi zambiri zofupika, zosavuta kuthyola. Komabe sangowa ndi chakudya basi. Munthu amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asawasiye chifukwa chakuti wayamba kudya sangowa.

Mphamvu ya masamba imatayika mu mphika

Mayi angathe kuthyola nkhwani wabwino m'mamawa koma n'kupereka masana ndiwo zimene mbali yaikulu ya mavitamini ake yatha. Kutayikaku kumachitika pa masitepe asanu.

Poyamba ndi potsuka. Masamba atsukidwe asanadulidwe. Akadulidwa kaye n'kuviikidwa m'beseni, vitamini C ndi foleti zimasungunukira m'madzi otayidwawo. Nkhwani asadzulidwe, atsukidwe, ndipo adulidwe pamene mphika uli kale pamoto. Masamba odulidwa m'mawa n'kusiyidwa padzuwa mpaka masana amakhala atafooka kale.

Pachiwiri ndi pa madzi. Masamba ali ndi madzi akeake, kotero safunika kumizidwa. Madzi ochepa ongokuta pansi pa poto ndi okwanira, ndipo awire kaye masamba asanalowemo. Msuzi wotsala usatayidwe, pakuti zimene zatuluka m'masamba zili momwemo.

Pachitatu ndi pa nthawi. Masamba anthete monga bonongwe, mpiru, kholowa ndi sangowa amapsa m'mphindi zosapitirira 10 mu mphika wovundikira. Ndiwo zopsa bwino zimakhala zobiriwirabe. Zikafika posanduka zotuwa ndi zoterereka, zapsa mopitirira. Kuphika mwachidule kumapulumutsanso nkhuni ndi makala, zimene ndi phindu kwa mayi wotola nkhuni ngakhalenso ku nkhalango ya Matandwe. Chigwada chokha ndi chimene chili ndi lamulo lakelake: masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, choncho asinjidwe bwino ndi kuwiritsidwa kwa nthawi yaitali mu mphika wosavundikira mpaka apse psiti.

Pachinayi ndi pa soda ndi chidulo. Ziwirizi zimafewetsa ndiwo msanga ndi kusunga mtundu wobiriwira, n'chifukwa chake zimakondedwa. Koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Masamba othyoledwa akadali anthete safuna soda. Therere lanthete lodulidwa mopyapyala limaterera lokha likatakasidwa bwino. Pamene wophika waona kuti soda ndi wosapeweka, achepetse kwambiri, ndipo asamuzoloweze pa ndiwo zilizonse.

Pachisanu ndi pa mafuta. Vitamini A amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta. Masamba ongowiritsa ndi mchere amapereka vitamini ameneyu pang'ono chabe. Apa makolo anali nayo kale nzeru: kutendera. Nsinjiro zimapereka mafuta ndi zomanga thupi nthawi imodzi. Kumene mtedza ndi wodula, chitowe, chimene chimalimidwa kwambiri m'chigwa chino, chimagwira ntchito yomweyo chikakazingidwa pang'ono ndi kusinjidwa. Nthanga za maungu nazonso zimatendera. Ngati zonsezi palibe, supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta ophikira ndi zokwanira poto wa banja. Mtedza wa nsinjiro usankhidwe bwino, ndipo wachuku, wofwanyika ndi wowawa utayidwe, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Mchere nawo uchepe. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi pa zakudya zonse za tsikulo. Tomato, anyezi ndi madzi a bwemba kapena a mandimu zimakometsa ndiwo popanda kuchulutsa mchere.

Njira zapafupi zowonjezera masamba

Njira yoyamba ndi kulowetsa masamba mu mphika umene uli kale pamoto. Nyemba, khobwe kapena nandolo zikatsala pang'ono kupsa, wophika athiremo manja awiri a chitambe, bonongwe kapena sangowa n'kuvundikira kwa mphindi zisanu. Chimodzimodzinso ndi mlamba wowamba kapena matemba: masamba akalowa mu msuzi wa nsomba amatenga fungo lake, ndipo ngakhale abambo ndi ana amene amakana masamba amawadya osadandaula. Njirayi siifuna nkhuni zina kapena poto wina, komanso imachulukitsa ndiwo zochepa kuti zikwanire onse.

Njira yachiwiri ndi kusaleka masamba pa tsiku la nyama. M'makomo ambiri, tsiku limene kwapezeka nkhuku, mbuzi kapena nsomba ndi tsiku limene masamba amapuma. Komatu nyama ndi nsomba zimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba, choncho ziwirizi n'zoyenera kukhalira limodzi pamphasa.

Njira yachitatu ndi kusakaniza mitundu. Nkhwani ndi maluwa ake komanso timaungu tanthete, luni ndi chitambe, kapena kabichi ndi mpiru zimapereka kukoma kwatsopano. Kuwawa kwa luni kumachepa akaphikidwa pamodzi ndi masamba ena ndi kutenderedwa. Banja limene limasintha mitundu silitopa ndi masamba.

Njira yachinayi ndi kukumbukira chakudya cham'mawa. Ana ambiri amapita kusukulu atangomwa tiyi kapena osadya kanthu. Maungu owiritsa, futali wa mbatata yofiira mkati, kapena phala lothira ufa wa sangowa ndi nsinjiro ndi poyambira pabwino. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, ili ndi vitamini A wochuluka, ndipo masamba ake ndi kholowa. Mbewu imodzi ikupereka zakudya ziwiri.

Njira yachisanu ndi kutsiriza chakudya ndi chipatso. Bango limodzi, masawu ochepa kapena madzi a malambe pambuyo pa nsima zimabweretsa vitamini C wothandiza ayironi kulowa m'magazi. Tiyi amachita zosiyana ndi izi: amatchinga ayironi. N'chifukwa chake ndi bwino kuti pakati pa chakudya ndi tiyi papite ola limodzi kapena kuposerapo, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi atsikana.

Mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera

M'mera mpoyamba. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi amene amaumba msinkhu ndi nzeru za mwana, ndipo kupinimbira kwa pa nthawiyi n'kovuta kukubweza. Kwa miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Akakwanitsa miyezi 6, phala lake likhale lolimba ndithu, losayenderera pa supuni, ndipo muzikhala masamba ophika osinjidwa bwino kapena kasupuni ka ufa wa masamba ouma, pamodzi ndi nsinjiro, mafuta pang'ono kapena ufa wa matemba. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Chizolowezi chopatsa mwana nsima yonyowetsa mu msuzi wokha chimamumana chakudya chenicheni. Mwana alandire ndiwo zenizenizo, zophwanyidwa molingana ndi msinkhu wake, ndiponso m'mbale yakeyake. Mwana wa chaka chimodzi akamapisa m'mbale imodzi ndi akuluakulu ake amatsala m'mbuyo, ndipo palibe amene amadziwa kuchuluka kwa zimene wadya. Akakana masamba tsiku loyamba, kholo lisagwe mphwayi. Ana amazolowera kukoma kwatsopano akapatsidwa kambirimbiri mosakakamiza, makamaka akamaona bambo ndi mayi akudya zomwezo.

Masamba salowa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala. Mayi woyembekezera apitirize kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo, ndipo ana a miyezi 6 mpaka 59 azilandira vitamini A miyezi 6 iliyonse.

Mfutso: nkhokwe ya ndiwo

Mu Januwale ndi Febuluwale masamba amachuluka mpaka kukhwimira m'munda, koma mu Okutobala banja lomwelo limadya nsima ndi mchere kapena kugula kamulu kodula. Mfutso ndi mlatho wa pakati pa nyengo ziwirizi, ndipo agogo ambiri akadali nalo luso lake.

Masamba ofutsa athyoledwe anthete, atsukidwe ndi kuviikidwa m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kuviika kumeneku kumathandiza kusunga mtundu ndi vitamini A. Kenaka ayanikidwe mopyapyala pa mphasa yoyera kapena pa lichero, pa thandala lokwera kumene nkhuku, mbuzi ndi fumbi sizifika. Malo abwino ndi a mthunzi wopita mphepo, monga pakhonde, chifukwa dzuwa lamphamvu limawononga vitamini A. Kutentha kwa kuno n'kokwanira kuumitsa masamba ngakhale pamthunzi. Mfutso wauma ukamathetheka pofinya m'manja. Usungidwe m'chikwatu, mu mphika wovundikira kapena m'chigubu chouma chotseka bwino, pamalo okwera. Kumidzi imene madzi amafika, mfutso ndi mbewu za masamba zikhale m'gulu la katundu woyamba kunyamulidwa posamukira kumtunda: n'zopepuka, ndipo kumisasa ya anthu othawa madzi masamba ndi amene amasowa kwambiri.

Kadimba ka pakhomo

Si banja lililonse lili ndi dimba ku Shire, ndipo amene ali nalo amayenda mtunda wautali. Kadimba ka masitepe atatu m'litali ndi awiri m'lifupi, kuseri kwa nyumba, kangapereke ndiwo zothyola tsiku ndi tsiku. Kafunika mpanda wolimba woteteza ku mbuzi ndi nkhuku, manyowa owola bwino a ng'ombe kapena mbuzi, ndi udzu wophimbira nthaka kuti chinyezi chisathe msanga. Madzi otsukira masamba, mpunga ndi mbatata ndi abwino kuthirira. M'midzi imene mijigo yake imatulutsa madzi amchere, madziwo agwiritsidwe ntchito mosamala chifukwa mchere ukaunjikana m'nthaka mbewu zimapserera. Kumene malo ndi ochepa, thumba lakale lodzazidwa dothi ndi manyowa limabereka mpiru kapena bonongwe pamwamba ndi m'mbali mwake. Bonongwe, luni ndi khobwe zimapirira kutentha, ndipo mbewu zake mlimi amasunga yekha osagula.

Ukhondo

Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene unafikanso m'boma lino, unakumbutsa anthu kuti chakudya chabwino chingathe kunyamula matenda. Wophika asambe m'manja ndi sopo asanagwire ndiwo. Masamba ndi zipatso zitsukidwe ndi madzi otetezeka, a pa mjigo kapena othira kolorini. Masamba amene amizidwa ndi madzi osefukira asadyedwe, pakuti madziwo amakokolola zimbudzi. Ndiwo zidyedwe zikadali zotentha, ndipo zotsala zitenthetsedwe mpaka kuwira zisanaperekedwenso. Mlimi amene wapopera mankhwala ophera tizilombo adikire masiku olembedwa pa botolo asanathyole zodya kapena zogulitsa.

Zokambirana m'magulu

Phunziroli lingawerengedwe pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi, m'magulu a amayi osamalira ana, m'mabanki a m'mudzi ndi kusukulu za mkombaphala. Abambo asatsalire, chifukwa kawirikawiri ndi amene amagawa malo a dimba ndi kusunga ndalama ya ndiwo. Gulu lingakambirane mafunso awa:

1. Ndi masamba ati amene amapezeka m'mudzi muno mwezi ndi mwezi, ndipo ndi miyezi iti imene amasowa?
2. Ndi ndiwo ziti zimene zimathiridwa soda kapena chidulo, ndipo ndi ziti mwa izo zingapse popanda zimenezi?
3. Kodi mwana wosakwana zaka ziwiri pakhomo amalandira ndiwo zenizeni m'mbale yake, kapena msuzi wokha?
4. Ndi mabanja angati amene ali ndi mfutso wokwanira kufika mvula yoyamba, ndipo ndani angaphunzitse ena kufutsa?

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Banja lisankhe chinthu chimodzi choyamba nacho sabata ino, kaya ndi kusiya soda pa nkhwani, kuthira masamba mu nyemba, kapena kuzika nthambi ziwiri za sangowa kumpanda, ndipo likazolowera liwonjezere china. Amene akufuna mbewu, malangizo a kadimba kapena chionetsero cha kaphikidwe m'mudzi mwawo aonane ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wa m'dera lawo, kapena apereke pempho kudzera kwa khansala wa wodi yawo.